Batani Lofiira: Momwe Anthu Wamba Anayambira Kusunga Kanema

Kwathu deki inafika wailesi yakanema isanabadwe m'dziko lathu. Munali mu 1996, ine ndili ndi zaka 6, pamene malume anatsika basi yochokera ku Joni atasenza katoni yokulungidwa m'bulangete. M'katonimo munali deki ya VHS ndi matepi khumi ndi awiri. Bokosi la TV bambo anachita kugula kwa mnzawo wa kuntchito patapita mwezi, koma za mlongoti sanavutike nazo, chifukwa mumlengalenga mwa Malawi munalibe choti n'kukola. Television Malawi inadzayamba kuulutsa pa 1 April 1999. Zaka zitatu zonsezo, kuonera TV kwathu kunkatanthauza kuonera zimene malume anajambula m'chipinda chawo ku Johannesburg.

Tepi imene inaperepeseka ndi kuonera inali ya mpira: ndime yomaliza ya Africa Cup of Nations, pa 3 February 1996, pamene South Africa inagonjetsa Tunisia 2-0, zigoli zonse ziwiri atagoletsa Mark Williams. Tinkadziwa mphindi imene chigoli chibwere, komabe chikalowa tinkakuwa ngati n'koyamba. Tinaloweza ngakhale malonda a pakati, a masitolo omwe sitinapondemo phazi. Pamsana pa tepiyo panali kapepala kolembedwa ndi dzanja la malume: MPIRA, OSAFUFUTA.

Pa dekiyo panali batani limodzi lofiira lomwe ana tinaletsedwa kulikhudza. Batani limeneli lili ndi mbiri yake. Linakokedwerapo ku khothi lalikulu la ku America, makampani ena analiona ngati mbala, ndipo anthu ena anathera moyo wawo wonse akulidina. Poyamba linapangidwa kuti munthu asaphonye pulogalamu chifukwa ali kuntchito. Koma m'kupita kwa zaka linasanduka njira imene anthu wamba anapulumutsira zinthu zomwe eni ake a wailesi ankataya.

Kanema wopita ndi mphepo

M'zaka zake zoyambirira, wailesi yakanema inali ngati gule wa pabwalo: ukachedwa, wamva kwa anzako. Njira yokha yosungira pulogalamu inali kuloza kamera ya filimu pagalasi la TV n'kujambula zimene zikuoneka, ndipo filimuyo inkafunika kutsukidwa kaye isanaonetsedwe. Zinthu zinasintha mu 1956 pamene kampani ya Ampex ya ku California inatulutsa makina ojambulira zithunzi pa tepi ya maginito. Makinawo anali aakulu ngati kabati, tepi yake inali ya mainchesi awiri m'lifupi, ndipo mtengo wake unali pafupifupi madola 50,000. Ogula anali nyumba zoulutsira kanema zokha. Pa 30 November 1956 wailesi ya CBS inawagwiritsa ntchito kujambula nkhani zochokera ku New York kuti iziulutsenso patatha maola atatu kumadzulo kwa dzikolo, kumene dzuwa limalowa mochedwa. Choncho kusuntha nthawi ya pulogalamu kunayamba ngati mwayi wa woulutsa. Woonera anali asanaganiziridwe.

Poti tepi inali yodula ndipo inkatha kufufutidwa n'kujambulidwanso, nyumba zoulutsira zinkaiona ngati sileti ya mwana wa sukulu. Pulogalamu ikaulutsidwa, mwina n'kubwerezedwa kamodzi, tepiyo inkafufutidwa kuti ilandire ina. Bungwe la BBC linachita zimenezi kwa zaka zambiri mpaka 1978. Chitsanzo chodziwika ndi sewero la Doctor Who, lomwe linayamba mu November 1963. Mwa zigawo 253 za zaka zisanu ndi chimodzi zoyambirira, zambiri zinafufutidwa. Zina zinapezekanso chifukwa BBC inkagulitsa makope a filimu kumayiko ena, kuphatikizapo Zambia ndi Nigeria. Mu 2013 zigawo zisanu ndi zinayi zomwe zinkaganiziridwa kuti zinatheratu zinapezeka m'chipinda chosungira katundu cha wailesi ina mumzinda wa Jos ku Nigeria. Ngakhale zinali choncho, chaka chimenecho chinatha zigawo 97 zili zosowabe.

Chodabwitsa n'chakuti mawu a zigawo zonse zosowazo alipo. Anawasunga ndi oonera, ambiri a iwo achinyamata, omwe ankaika maikolofoni pafupi ndi TV n'kujambula mawu pa tepi, akutontholetsa am'nyumba kuti asatsokomole. Ena ochenjera analumikiza waya mkati mwa bokosilo kuti mawu amveke bwino. Sankaganiza zoti akusunga mbiri. Ankangofuna kudzamvanso mawa. Koma chomwe bungwe lalikulu linataya chinagona m'madirowa a ana a sukulu.

Makina alowa pabalaza

Vuto lochepetsa makinawa linali lakuti chithunzi chimafuna malo ambiri pa tepi kuposa mawu. Tepi ikamangodutsa pamutu wongokhala, monga zimakhalira m'kaseti ya nyimbo, iyenera kuthamanga kwambiri moti ingathe m'mphindi zochepa. Akatswiri anapeza njira yozungulitsa mutu womwewo. Amene anatsegulapo deki amakumbukira kang'oma konyezimira kopendekeka pang'ono. Tepi imakulunga kang'omako n'kumayenda mwapang'onopang'ono, pamene timitu tili m'mbali mwake timazungulira mothamanga, tikulemba mizere yopingasa yoyandikana ngati mizere ya m'munda wa paphiri. Timitu tikaphonya mzere, chithunzi chimadzaza chipale, ndipo n'chifukwa chake panali kobwezera kotchedwa tracking.

Sony inatulutsa makina a panyumba otchedwa CV-2000 mu 1965, koma tepi yake inali yapoyera, yofuna kulowetsa ndi manja. Mu 1972 Philips inabweretsa N1500, ya kaseti, yokhala ndi wotchi komanso chokolera mawayilesi chakechake. Kenako kunabwera mayina awiri omwe anadzalimbana: Betamax ya Sony mu 1975 ndi VHS ya JVC mu 1976. Anthu amakanganabe kuti chithunzi chabwino chinali cha iti, koma ogula anayang'ana zina. Kaseti yoyamba ya Betamax inkatenga ola limodzi, ya VHS maola awiri. Filimu yathunthu kapena mpira wonse sizikanakwana pa ola limodzi. Komanso JVC inalola makampani ambiri kupanga madeki a VHS, mitengo n'kutsika, ndipo obwereketsa mafilimu anadzaza mashelefu awo ndi mtundu umene anthu ambiri anali nawo. Mu 1988 Sony yomwe inayamba kupanga madeki a VHS.

Kulumikiza deki kunali mwambo wakewake. Waya wa mlongoti unkayamba walowa m'deki, kenako waya wina n'kuchoka m'deki kupita ku TV. Dongosolo limeneli ndilo linali chinsinsi chonse, chifukwa deki inkakola wailesi payokha. Munthu ankatha kuonera nkhani kwinaku deki ikujambula sewero la pa wailesi ina, kapena kuzimitsa TV n'kupita kuukwati, deki n'kudzidzutsa yokha nthawi ikakwana. Chovuta chinali wotchi. Magetsi akangothima, nambala zinkayamba kuphethira, ndipo m'nyumba zambiri zinaphethira choncho mpaka deki kufa. Vutoli linakula moti mu 1990 kampani ya Gemstar inayambitsa manambala otchedwa VCR Plus+, omwe ku Britain ankatchedwa VideoPlus+. Nyuzipepala zinkasindikiza nambala pambali pa pulogalamu iliyonse, munthu n'kungoidina m'malo molimbana ndi tsiku, ola ndi tchanelo.

Pamsana pa kaseti panali kachidutswa ka pulasitiki. Ukakathyola, deki inkakana kujambula pa tepiyo. Ukasintha maganizo, unkamata bowolo ndi selotepi. Kachidutswa kameneka kanali khothi la m'nyumba: kuthyola kunali kugamula kuti izi ndi zosunga.

Mlandu wa Betamax

Khothi lenileni silinachedwe. Mu 1976 anthu otsatsa malonda a Sony anakonza uthenga wouza anthu kuti tsopano sadzaphonyanso sewero la Kojak chifukwa choonera Columbo. Masewero onse awiriwa anali a kampani ya Universal, ndipo akuluakulu ake sanasangalale. Mu November chaka chomwecho Universal ndi Disney anasumira Sony, ponena kuti aliyense wojambula pulogalamu kunyumba akuba, ndipo wopanga makinawo ndi mnzake wa mbalayo.

Mlanduwo unayenda zaka zoposa zisanu ndi ziwiri. Khothi loyamba linagamula mokomera Sony mu 1979, la apilo linatembenuza chigamulocho mu 1981. Mu 1982 Jack Valenti, mtsogoleri wa bungwe la makampani a mafilimu ku America, anauza aphungu kuti deki ndi yoopsa kwa opanga mafilimu monga momwe chigawenga china cha ku Boston, chomwe chinkapha amayi powakanyanga pakhosi, chinalili kwa mayi amene ali yekha m'nyumba. Koma si onse opanga mapulogalamu amene ankaopa. Fred Rogers, yemwe ankakonza pulogalamu ya ana yotchuka, anachitira umboni kuti iye sakuona cholakwa, chifukwa n'kwabwino kuti banja lizisankha lokha nthawi yoonera.

Pa 17 January 1984 Khothi Lalikulu linagamula, oweruza asanu kutsutsana ndi anayi. Woweruza John Paul Stevens analemba kuti kujambula pulogalamu kunyumba kuti udzaonere nthawi ina si kuphwanya lamulo, ndiponso kuti wopanga chipangizo chokhala ndi ntchito zambiri zovomerezeka sangaimbidwe mlandu chifukwa ena achigwiritsa ntchito molakwika. Woweruza mmodzi akanapendekera mbali ina, mbiri ikanakhala ina. Zaka za m'ma 1980 zisanathe, makampani omwe ankalira aja anayamba kupeza ndalama zambiri pa makaseti kuposa pa matikiti a m'nyumba za kanema. Britain inaika ufulu womwewo m'lamulo lake la 1988.

Komabe chigamulocho chinali ndi malire. Chinakamba za kuonera nthawi ina, kamodzi, kenako n'kufufuta. Za kuunjika matepi m'kabati kapena kubwereketsa mnansi sichinazivomereze. Anthu anapitiriza kuunjika ndi kubwereketsana, pakuti tepi ndi chinthu chogwirika, ndipo chogwirika chimayenda m'manja.

Tepi ikwera basi

M'chigawo chathu chino wailesi yakanema inafika nthawi zosiyanasiyana. Ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe, inayamba mu 1960. Ku Kitwe, m'dziko lomwe linadzakhala Zambia, inayamba mu 1961. Boma la tsankho la South Africa linaikana kwa zaka zambiri poopa zimene anthu angaone, mpaka January 1976. Malawi anadikira mpaka 1999. Kusiyana kumeneku kunapatsa tepi ntchito imene oweruza a ku Washington sanailote. Iwo ankakamba zosuntha pulogalamu kuchoka pa 8 koloko kupita pa 10 koloko. Ife tinkaisuntha kuchoka m'dziko lina kupita m'dziko lina.

Wojambula ndi woonera kawirikawiri anali anthu awiri osiyana, olekanitsidwa ndi malire a mayiko. Matepi ankayenda m'zikwama za apaulendo, pamodzi ndi mabulangete ndi mapoto. Ankabwereranso njira yomweyo: ukwati kapena maliro ojambulidwa kumudzi ankatumizidwa kwa achibale a ku Bulawayo, Johannesburg kapena Manchester omwe sanathe kubwera. Amene anali ndi abale ku America anaphunzira movutikira kuti matepi si ofanana onse. Kumeneko kanema ankayendera njira ya NTSC pamene kuno tinkayendera PAL, ndipo madeki ambiri akale akalandira tepi ya ku America ankangotulutsa mizere yovina.

Madeki awiri akakumana, ankabereka. Waya umodzi wa chithunzi, wina wa mawu, deki iyi ikusewera, inayo ikujambula. Koma mwana sankafanana ndi kholo. Kope iliyonse inkatuluka yofooka kuposa imene yachokerako: mitundu inkasefukira, nkhope zinkasungunuka, mawu ankalira ngati ali m'chitini. Poona chithunzi munthu ankatha kuyerekeza kuti tepiyi yadutsa m'nyumba zingati.

Kwa ambiri omwe analibe deki, panabwera nyumba zoonetsera mavidiyo: chipinda chamdima cha pamsika, mabenchi, jenereta kapena batire ya galimoto, ndi bolodi panja lolembedwa ndi choko. Ku Malawi lamulo la 1968 linapatsa bungwe la boma mphamvu younika mafilimu anthu asanaonere, koma kuunika filimu imodzi yopita ku holo n'kosavuta kuposa kutsata kaseti yomwe yabisala pansi pa zovala m'sutikesi. Ku Nigeria tepi inapita patali kuposa apa. Filimu ya m'Chiigbo yotchedwa Living in Bondage, yomwe Kenneth Nnebue anatulutsa mu 1992, inagulitsidwa pa VHS osadutsa m'nyumba za kanema, ndipo ambiri amaiwerenga ngati chiyambi cha Nollywood. Kwathu kuno mwambo wa pabenchi unadzabala anyamata otanthauzira mafilimu m'Chichewa, olankhulira pamwamba pa mawu a eni ake, kuwonjezera nthabwala ndi mayina a m'mudzi. Ine ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo sindichita manyazi kunena kuti anthu amenewa anandionetsa msanga kuti nkhani yachilendo ikhoza kuvala chitenje.

Kompyuta ilowa m'malo mwa tepi

Mu 1999, chaka chomwe Malawi ankaona wailesi yake yoyamba, ku America kunatuluka mabokosi awiri, TiVo ndi ReplayTV. M'malo mwa tepi munali hard disk ngati ya m'kompyuta. Bokosilo linkalandira ndandanda ya mapulogalamu kudzera pa waya wa telefoni, choncho munthu ankangosankha dzina la sewero, bokosi n'kumajambula chigawo chilichonse lokha. Poti linkajambula nthawi zonse zimene zikuonetsedwa, woonera ankatha kuimitsa mpira uli mkati, kukatsegulira mlendo chitseko, n'kudzapitiriza pomwe anasiyira.

Mu 2001 ReplayTV inawonjezera zinthu ziwiri: kudumpha malonda mwa yokha, ndi kutumiza pulogalamu yojambulidwa kwa mnzako wokhala ndi bokosi lomwelo kudzera pa intaneti. Kumeneku kunali kubwereketsana tepi kopanda basi, ndipo kope yake sinkafooka ngakhale pang'ono. Makampani a kanema anasuma chaka chomwecho. Khothi lisanagamule, kampani ya SONICblue, mwini wa ReplayTV, inagwa mu 2003, ndipo amene anagula dzinalo anachotsa zinthu ziwirizo m'mabokosi atsopano. Phunziro linamveka kwa onse opanga zipangizo: kujambula n'kololedwa, kugawana n'kuputa mavu.

Anthu ena anasankha kudzimangira okha. Mu 2002 Isaac Richards anayamba kulemba MythTV, pulogalamu yaulere ya pa Linux, chifukwa bokosi lomwe kampani yake ya kanema inamupatsa silinamukhutiritse. Kamangidwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Kompyuta imodzi, ngakhale yakale, imaikidwa pakona, ili ndi khadi lokolera wailesi ndi hard disk yaikulu. Imeneyi ndi nkhokwe: imalandira ndandanda, imajambula, imasunga. Zipinda zina zimakhala ndi timakina ting'onoting'ono totapa m'nkhokwemo kudzera pa waya kapena Wi-Fi, moti bambo akhoza kuonera nkhani pabalaza mwana akuonera zidole kuchipinda, zonse zikuchokera pamalo amodzi. Nthawi yomweyo ena anathyola loko wa makina a masewera a Xbox n'kulemba pulogalamu yomwe inadzatchedwa XBMC, ndipo kuyambira 2014 imatchedwa Kodi. Plex inaphuka kuchokera ku XBMC, ndipo Jellyfin inabwera mu 2018. Onsewa anagwirizana pa mfundo imodzi: chojambulidwa chikhale fayilo wamba yomwe mwini nyumba angakopere, kusuntha ndi kusunga.

Ambiri a ife tinakumana ndi hard disk kudzera m'njira ina. MultiChoice inayambitsa DStv mu 1995, ndipo mu 2005 inatulutsa dikoda yotha kujambula. Kugwiritsa ntchito kwake kunali kophweka kuposa deki, popanda wotchi yophethira, popanda kufunafuna tepi yopanda kanthu. Koma zojambulidwa m'dikoda yotere zimakhala zokhomedwa. Zimaseweredwa m'bokosi lomwelo basi, ndipo bokosi likafa zimafa nalo. Simungazitulutse n'kupatsira wokwera basi. Malume akanakhala ku Joni zaka khumi pambuyo pake, ali ndi makina abwino kuposa deki ija, ife sitikanaona zigoli za Mark Williams.

Mayi wa matepi 70,000

Ku Philadelphia kunali mayi wina dzina lake Marion Stokes, yemwe anagwirapo ntchito m'nyumba yosungira mabuku komanso ankamenyera ufulu wa anthu akuda. Kumapeto kwa 1979, pamene anthu a ku ofesi ya kazembe wa America anagwidwa ku Tehran, iye anayamba kujambula nkhani za pa TV usana ndi usiku. Sanaleke mpaka tsiku limene anamwalira, pa 14 December 2012. Madeki angapo ankayenda nthawi imodzi, ndipo moyo wa banja lonse unkayendera nthawi yosintha matepi. Anasiya matepi oposa 70,000, omwe anaperekedwa ku bungwe la Internet Archive ku California.

Ambiri ankamuona ngati wozungulira mutu, ndipo kukhala naye sikunali kophweka. Koma mfundo yake inali yomveka. Ankakhulupirira kuti nkhani imasintha maonekedwe ikamabwerezedwa, kuti zimene zinanenedwa tsiku loyamba zimaiwalika, ndipo kuti mawayilesi sangadaliridwe kusunga umboni wa zonena zawo. M'matepi ake muli zinthu zomwe palibe ankaziyesa zofunika: nkhani za m'dera, malonda, zokambirana za m'mawa. Zoterezi ndi zomwe zimasowa msanga, ndipo ndi zomwe zimaonetsa bwino momwe anthu ankalankhulira ndi zomwe ankaopa.

Lero zambiri timaonera pa intaneti, ndipo batani lofiira lazimiririka. Sitijambulanso chifukwa timauzidwa kuti zonse zilipo nthawi iliyonse. Koma zimene zili pa Netflix kapena YouTube zili m'nkhokwe ya wina. Mgwirizano ukatha, filimu imachotsedwa. Tsamba likatsekedwa, mavidiyo ake amapita. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Tabwerera pafupi ndi pomwe tinayambira, pamene woulutsa yekha ndiye ankasankha chokhala ndi chotayika.

Nkhawa imeneyi ndi yaikulu kwa ife olankhula zinenero zomwe zilibe nkhokwe zambiri. Sewero la Chingerezi lotchuka lili ndi makope m'mayiko ambiri komanso anthu olisakasaka mpaka ku Jos. Pulogalamu ya m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chibemba youlutsidwa Lachitatu masana ilibe gulu lotero. M'mapulogalamu otere muli Chichewa cha pakamwa cha zaka zimenezo, mawu omwe mabuku sanalembe, nthabwala zomwe zinatha, kalankhulidwe ka agogo omwe anapita. Womasulira akafuna kudziwa momwe anthu ankatchulira chinthu mu 2001, nthawi zina yankho limakhala pa tepi yomwe ili pansi pa bedi la munthu.

Mphindi zitatu

Wailesi ya kwathu itayamba, bambo anakweza mlongoti pansungwi, ndipo batani lofiira linapeza ntchito. Tsiku lina kwaya ya amayi a kumpingo kwathu inaoneka pa TV. Mayi anga anali pamzere wachiwiri. Bambo anajambula pulogalamu yonse, koma kachidutswa kaja sanathyole, poti pa tepiyo panali malo otsala. Patapita chaka, ine ndili ndekha pakhomo, ndinafuna kujambula masewera ogwetsana. Ndinatenga tepi yomwe inali pafupi. Bambo atazindikira sanandimenye. Anangoti, "Mwanawe, madzi akatayika saoleka," n'kutuluka panja.

Mayi anamwalira ndili ku koleji. Zaka zingapo zapitazo ndinatenga katoni ya matepi ija kumudzi. Kupeza deki yamoyo kunali kovuta, pakuti Funai, kampani yomaliza yodziwika yopanga madeki, inaleka mu 2016. Ndinaipeza kwa wokonza mawayilesi wina pamsika. Ndinagula kachipangizo kolumikiza mawaya a deki ku kompyuta, n'kuyamba kukopera tepi imodziimodzi. Ntchitoyi ilibe chidule: tepi ya maola atatu imatenga maola atatu. Matepi ena anali atachita chuku, oyera ngati ufa, ndipo oterowo amadetsa timitu ta deki. Mafayilo ndinawaika pa hard disk ziwiri, imodzi ili kwanga, ina kwa mchemwali wanga, chifukwa nayonso hard disk imafa, ndipo imafa mwadzidzidzi kuposa tepi.

Tepi ya mpira inatuluka yachipale koma yooneka. Ya masewera ogwetsana ndinaisiyira kumapeto. Ndinaonera amuna onenepa akuponyerana pansi kwa ola lathunthu, mpaka pomwe mwana uja anadina batani loimitsa. Chithunzi chinagwedezeka, mizere inatsika, ndipo pansi pake panatuluka zomwe zinalipo kale. Masewera aja anali aafupi kuposa pulogalamu ya kwaya. Panatsala mphindi zitatu: amayi ovala zoyera, nyimbo ili kumapeto, kamera ikuyenda pang'onopang'ono kuchokera kumanzere. Pamzere wachiwiri mayi akuimba, akuyang'ana kumbali ngati pali mwana amene akusokosa.

Fayiloyo ndinaitumiza kwa abale onse pa WhatsApp usiku womwewo. Malume, omwe tsopano anabwerera kumudzi, anaimba foni m'mawa mwake.

"Tepi imeneyo ukadali nayo?"

"Ndili nayo, malume."

"Thyola kapulasitiki kaja."

Ndinathyola.